M'mimba Mukatseguka Mutadya Chakudya Chokayikitsa: Zochita Musanatume Mwana Kukagula Makapisozi

Pano pa Chipata munthu akayamba kuthulula atadya kuukwati kapena pachiwaya cha kumsika, mwana amatumidwa kukantemba kukagula "Flagyl iwiri ndi makapisozi awiri." Wogulitsa amatenga sizasi, n'kudula pepala la mankhwala molingana ndi ndalama zimene mwanayo wafumbata. Pakapita masiku awiri m'mimba mumaleka, ndipo ulemu wonse umapita kwa makapisozi aja. Komatu matenda ambiri obwera ndi chakudya choipa amatha okha pamasiku ochepa omwewo, kaya mwamwa kapisozi kaya ayi. Chimene chimapha munthu msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo kapisozi sabwezera madzi. Alipo ndithu matenda a m'mimba amene maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya monga makapisozi aja, ndiwo amapulumutsa moyo, koma ali ndi zizindikiro zake, ndipo mankhwala ake amasankhidwa kuchipatala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera mu 2015 kuti chaka chilichonse mu Africa anthu oposa 91 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa ndipo pafupifupi 137,000 amamwalira. Malangizowa ndawayala motsatira mmene zinthu zimayendera panyumba, kuyambira pamene m'mimba mwayamba kupota.

1. Werengani maola

Musanamwe chilichonse cha m'pepala, khalani pansi mukumbukire zimene munadya, nthawi imene munadya, ndi amene anadya nanu. Mpata wa pakati pa kudya ndi kudwala umanena zambiri.

Ngati mwayamba kusanza mwamphamvu pakati pa theka la ola ndi maola 6 kapena 8 mutadya, kawirikawiri chakupwetekani ndi poizoni amene mabakiteriya anasiya m'chakudyacho chisanafike pakamwa panu. Mabakiteriya a Staphylococcus aureus amakhala pakhungu, m'mphuno ndi m'zilonda za anthu. Wophika amene ali ndi bala pachala akamagwira nyama yophika kale kapena saladi ya mayonezi, amawasiya pamenepo, ndipo chakudyacho chikakhala patebulo pa kutentha kwa mu Okutobala, amaswana n'kutulutsa poizoni. Anzake a Bacillus cereus amakonda mpunga wophikidwa m'mamawa n'kusiyidwa m'poto tsiku lonse. Poizoni wa awiriwa safa ndi moto, choncho kutenthetsa mpunga umene wawonongeka kale sikuubweza. Matenda ake ndi aukali koma aafupi: mawa lake munthu wadzuka. Antibayotiki alibe ntchito pamenepa, chifukwa amapha mabakiteriya, sachotsa poizoni.

Ngati papita maola 6 mpaka 24, m'mimba mukupota, mukutuluka madzi, koma simukusanza kwenikweni ndipo thupi silikutentha, ganizirani nyama ndi msuzi wa m'mapoto akuluakulu a pamaliro kapena paukwati. Amene amabisala mmenemo ndi Clostridium perfringens. Nawonso amakusiyani pakatha tsiku limodzi.

Salmonella, wa m'nkhuku ndi mazira osapsa bwino, amaonekera pakati pa maola 6 ndi masiku 6, amabwera ndi kutentha thupi, ndipo amakhalitsa masiku 4 mpaka 7. Campylobacter, wa m'nkhuku yofiira pafupa ndi mumkaka wosawiritsa, amadikira masiku 2 mpaka 5. Apa m'pamene ambiri timalakwira anthu osalakwa. Munthu amadwala Lachitatu n'kumatukwana mayi wa vitumbuwa amene anamugula m'mawa, pamene chamudwalitsa ndi nkhuku ya Lamlungu ya m'nyumba mwake momwe.

Sikuti kuthulula konse ndi kwa mabakiteriya. Mwa ana aang'ono kwambiri kumabwera ndi mavairasi, makamaka rotavirus, amene katemera wake amaperekedwa kusikelo, ndipo antibayotiki sakhudza vairasi ngakhale pang'ono. Palinso ziwiri zimene siziyembekezera kuwerenga maola. Ngati banja ladya bowa wa m'tchire n'kuyamba kusanza, pitani kuchipatala nonse, ngakhale amene akumva bwino, chifukwa bowa wina amapatsa munthu mpumulo wabodza kwa tsiku limodzi kwinaku akuwononga chiwindi. Ngatinso munthu akuchucha malovu, thukuta lili kamukamu, akunjenjemera ndi kubanika atadya masamba kapena tomato wongopoperedwa kumene, kapena atamwera m'chigubu chimene munali mankhwala a thonje, amenewo ndi mankhwala a mbewu. Thamangani nayeni, mutanyamula botolo la mankhwalawo ngati lilipo.

2. Bwezerani madzi, ndipo yambani nthawi yomweyo

Ichi ndicho chithandizo chenicheni, ngakhale chimaoneka chonyozeka chifukwa ndi chotchipa. Munthu wothulula amataya madzi pamodzi ndi mchere wa m'thupi. Madzi okha sakwanira, chifukwa matumbo amayamwa madzi msanga pamene muli shuga pang'ono ndi mchere pang'ono pamlingo woyenera. ORS, amene ambiri timawatcha madzi a moyo, anapangidwira zimenezo.

Sambani m'manja ndi sopo. Tengani madzi owiritsa n'kuzizira kapena othira Clorin. Werengani paketi musanaing'ambe, chifukwa mapaketi si ofanana: ambiri a kukiliniki ndi a lita imodzi, koma ena, monga a mu Kit Yamoyo, kaphukusi ka ORS ndi zinki kamene kanayesedwa koyamba ku Katete ndi ku Kalomo, ndi a 200 ml. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a madzi a 500 ml. Thirani paketi yonse, osagawa pakati kuti ina isungidwe, takasani mpaka zisungunuke, ndipo vindikirani. Zikagona maola 24, tayani musungunule zina.

Ngati ndi usiku, kapena muli kumudzi kutali ndi kiliniki ndipo paketi mulibe, pangani nokha: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi 6 a shuga, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Supuni ikhale yosalaza, osati yotumphuka. Pititsani chala kapena mpeni pamwamba kuti shuga wotsala agwe. Lawani musanapatse mwana. Mchere usapose wa misozi. Mukachulutsa mchere mumapweteka mwana, mukachulutsa shuga mumawonjezera kuthulula, n'chifukwa chake Fanta, Coca-Cola ndi majuwisi otsekemera si ORS, ngakhale atagwedezedwa mpaka mpweya wonse kutha.

Mwana wosakwana zaka 2 amwe kota kapena theka la kapu, ndiye kuti 50 mpaka 100 ml, nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka la kapu kapena kapu yodzaza, 100 mpaka 200 ml. Wamkulu amwe mmene angathere. Khanda limwetseni ndi supuni, supuni imodzi pamphindi iliyonse kapena ziwiri, muli chikhalire pamphasa mutalifukata. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo ambiri amagonja mwana akasanza koyamba. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono kuposa poyamba. Ngakhale asanze, ena mwa madziwo amakhala atalowa.

Mwana wosakwana zaka 5 apatsidwenso zinki: piritsi la 20 mg kamodzi patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo wosakwana miyezi 6 theka lake, 10 mg. Piritsilo limasungunuka pasupuni m'madontho a mkaka wa m'mawere kapena a madzi. Pitirizani mpaka masiku akwane ngakhale m'mimba mutaleka tsiku lachitatu, chifukwa zinki imakonza matumbo ndipo imachepetsa kuthulula kwina m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira.

Pali chikhulupiriro chakuti munthu wothulula akamamwa madzi ndiye kuti mukuthirira matendawo, choncho ndi bwino "kuumitsa m'mimba." Agogo akanena zimenezi, ayankheni mwaulemu, koma kapu musaichotse pakamwa pa mwana.

3. Musamusale chakudya

Woyamwa apitirize kuyamwa, kawirikawiri kuposa masiku onse. Wamkulu ndi mwana wosiya bere adye pang'onopang'ono kusanza kukachepa: phala, nthochi yakupsa, mbatata yophika, nsima yofewa ndi msuzi wopanda mafuta ambiri. Mowa dikirani kaye.

Thupi likamawawa kapena kutentha, Panadol ndi wokwanira. Brufen ndi diclofenac asiyeni pamene thupi latha madzi, chifukwa amalemetsa impso zimene zikuvutika kale. Mapiritsi otseka m'mimba a loperamide angathandize wamkulu amene ali pabasi yopita ku Lusaka ndipo akungotuluka madzi okha, koma asapatsidwe mwana wamng'ono, ndiponso asamwedwe ngati m'chimbudzi muli magazi kapena thupi likutentha, chifukwa amatsekera tizilombo m'matumbo momwemo.

4. Dziwani pamene za panyumba zathera

Yang'anani chimbudzi. Ambiri timachita nacho manyazi, timangokwirira osaona, koma yankho lili mmenemo. Nyamukani kupita kukiliniki kapena kuchipatala lero lomwe, osati mawa, mukaona chimodzi mwa izi:

- m'chimbudzi muli magazi kapena mamina osakanikirana ndi magazi, ndiko kuti kamwazi;
- chimbudzi chikungotuluka madzi ambirimbiri oyererako ngati otsukira mpunga, miyendo ikukokana;
- wodwala akusanza chilichonse, kapena akulephera kumwa ndi kuyamwa;
- wafooka moti sakudzuka bwino, akubwebweta, kapena wakomoka;
- thupi likutentha kwambiri kapena kutenthako kwatenga masiku;
- mkodzo wasowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena ukutuluka pang'ono wofiirira;
- papita masiku atatu osasintha.

Kwa mwana yesani izi. Tsinani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, mulikweze pang'ono n'kulisiya. Khungu la mwana amene ali ndi madzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo. Likatsala litaima kwa masekondi awiri kapena kuposa, madzi atha kwambiri. Onaninso maso ngati alowa m'kati, kulira kopanda misozi, ndi liwombo lolowa. Liwombo likalowa mwa mwana wothulula, chimene chasowa ndi madzi. Kupakapo mankhwala akuda pamutu kumangodya nthawi.

Ena safunika kudikira zizindikiro zonsezi: khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wonyentchera, mayi woyembekezera, nkhalamba, wodwala shuga, wa sickle cell, ndi amene ali ndi HIV, makamaka ngati sanayambe ma ARV kapena anawasiya. Mwa anthu amenewa Salmonella sakhutira ndi matumbo, amalowa m'magazi, ndipo kuno ku Africa kulowa kwake m'magazi kumapha ana ndi akulu ambiri. Kumeneko ndiye antibayotiki amafunikadi.

Chimbudzi cha madzi a mpunga chija ndi kolera mpaka a chipatala atanena kuti ayi. Kolera imatha kupha munthu wamphamvu m'maola ochepa. Tonse tikukumbukira mliri umene unayamba mu Okutobala 2023, pamene National Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo anthu oposa 700 anamwalira. Wodwala wotere mumwetseni ORS njira yonse, kaya muli panjinga yakapalasa, yamoto kapena pangolo. Musayambe mwadzera kukantemba.

Kutentha thupi kuno kwathu kumafunanso kuyezetsa malungo, chifukwa malungo mwa ana amabweranso ndi kusanza ndi kuthulula. Ndipo kutentha thupi kumene kukukwera tsiku ndi tsiku kwa sabata, mutu ukuwawa, m'mimba mukupweteka, malungo osapezeka, kungakhale typhoid, imene ikalekereredwa imaboola matumbo.

5. Chifukwa chake makapisozi a pakantemba ndi kutaya ndalama, mwinanso kuposa pamenepo

Tiyambe ndi Flagyl, amene dzina lake lenileni ndi metronidazole, mfumu ya mankhwala a m'mimba m'makomboni mwathu. Amagwira ntchito pa tizilombo ta m'matumbo totchedwa amoeba ndi giardia, ndi pa mabakiteriya ena okhala mopanda mpweya. Pa Salmonella, Shigella (wa kamwazi), E. coli kapena kolera sachita kanthu. Amangokusiyirani kuwawa kwachitsulo m'kamwa ndi mseru. Septrin ndi amoxicillin anali amphamvu kale, koma mabakiteriya ambiri a m'matumbo anawazolowera.

Ngakhale mutapeza antibayotiki woyenera, sikuti nthawi zonse amathandiza. Kwa munthu wamkulu wathanzi amene wagwidwa ndi Salmonella wa m'matumbo mokha, antibayotiki safupikitsa matenda, ndipo amatha kutalikitsa nthawi imene munthuyo akutulutsa tizilomboto m'chimbudzi, n'kumapatsira ena. Pali mtundu wina wa E. coli, wochokera m'ndowe za ng'ombe kudzera m'nyama yosapsa, mkaka wosawiritsa ndi madzi, umene umatulutsa magazi m'chimbudzi. Pa umenewu maantibayotiki ena amawonjezera ngozi yoti impso za mwana zileke kugwira ntchito. Komanso m'matumbo mwathu muli mabakiteriya abwino ochuluka zedi amene amatchinga oipa. Kapisozi sasankha, amapha onse amene angawathe, ndiye chifukwa chake kuthulula ndi chimodzi mwa zovuta zodziwika za maantibayotiki enieniwo.

Choopsa chachikulu sichioneka tsiku lomwelo. Nthawi iliyonse mukamwa antibayotiki, mabakiteriya ofooka amafa, koma ochepa amene ali ndi njira yopirira mankhwalawo amatsala, ndipo malo onse amakhala awo. Amaswana msanga, komanso amatha kupatsirana luso lopirira limeneli ngakhale ndi mabakiteriya a mtundu wina. Kenako amatuluka m'chimbudzi, amalowa m'chitsime, amafika kwa mwana wa aneba amene sanamwepo kapisozi chibadwire. Makapisozi awiri ogula ndi ndalama yotsala pogula tomato sachiza kanthu, koma amakwanira kuchita zimenezi. Mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfazi zinachuluka kwambiri mu Africa ya kum'mwera kwa Sahara. Sizili kutali. Kwa anansi athu kutsidya la Mwami, mzinda wa Blantyre unaona typhoid ikuwonjezeka kwambiri kuyambira 2011 chifukwa cha mtundu umene sumva ampicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole (Septrin uja), mankhwala atatu amene kale anali odalirika. Ku Pakistan mu 2016 kunabuka typhoid yosamvanso ciprofloxacin ndi ceftriaxone.

Ciprofloxacin ndi azithromycin ndi ena mwa ochepa amene atsala ochizira kamwazi ndi typhoid, ndipo WHO inawaika m'gulu la mankhwala oyenera kuwasamala, lotchedwa Watch. Tikawathera pa mpunga wa kuukwati, tsiku la kamwazi tidzagwira chiyani? Malamulo a dziko lino, amene amayang'aniridwa ndi bungwe loona za mankhwala la ZAMRA, amati maantibayotiki agulitsidwe ndi chikalata cha dokotala m'malo ovomerezeka. Boma lilinso ndi ndondomeko ya zaka 10, kuyambira 2017 mpaka 2027, yolimbana ndi vutoli. Koma ndondomeko siimirira pakauntala ya kantemba usiku; amene amaimapo ndi inu kapena mwana amene mwamutuma.

6. Mukafika kukiliniki

Kaya ndi ku Kapata, ku Chipata Central, ku Mwami, ku St Francis ku Katete kapena kukiliniki ya kumudzi kwanu, nenani zonse mwatchutchutchu: linayamba liti, kangati patsiku, muli magazi kapena ayi, munadya chiyani, ndani winanso akudwala. Nenaninso mankhwala amene mwamwa kale, a kukantemba ndi azitsamba omwe, ndipo nyamulani mapepala ake. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Antibayotiki amene munamwa dzulo amatha kubisa tizilombo poyeza, ndiponso amasintha mankhwala amene adokotala angasankhe. Ngati ndinu woyembekezera, mukuyamwitsa, mukumwa ma ARV kapena a TB, kapena mankhwala ena anakutulutsanipo zidzolo, nenani musanafunsidwe. Khadi la sikelo la mwana lisatsale.

Akakupemphani chimbudzi choti ayeze, perekani. Akakupatsani ORS ndi zinki zokha, musatuluke mukung'ung'udza kuti sanakuthandizeni, n'kukhotera ku drug store. Nesi amene wakana kukupatsani kapisozi pa kuthulula kwa madzi okha wagwira ntchito yake bwino kuposa amene wakudzazirani thumba. Funsani chabe kuti, "Asisita, ndikaona zotani ndibwerenso?" Ndipo akakupatsani mapiritsi, funsani kuti, "Awa ndi antibayotiki? Ndi a matenda anji, ndipo ndimwe masiku angati?"

Ngati mwadwala anthu angapo amene munadya pamodzi, pasukulu yogonera konko, pamaliro, kapena pamsonkhano wa mpingo, auzeni a zaumoyo. Ndiwo angathe kutsata gwero ena asanadye chomwecho.

7. Akakulemberani antibayotiki

Imwani mlingo umene alemba, pamaola amene anena, kwa masiku onse amene alemba. Kawiri patsiku ndiye kuti maola 12 aliwonse, monga 07 koloko ndi 19 koloko. Katatu patsiku ndi maola 8 aliwonse. Musasiye tsiku lachiwiri chifukwa mwapeza bwino, ndipo musadziwonjezere masiku. Mukaiwala, imwani mukakumbukira, koma ngati nthawi ya mlingo wotsatira yayandikira musaphatikize iwiri. ORS ipitirire limodzi.

Ciprofloxacin ndi doxycycline sagwirizana ndi mkaka, chambiko, mankhwala a chilungulira, ndi mapiritsi a ayironi kapena zinki, chifukwa zimenezi zimawamanga m'matumbo osalowa m'magazi. Musamwere pamodzi, a ku famase akuuzeni maola oti musiyanitse. Flagyl, ngati ndiye alembedwa chifukwa apeza amoeba, sayenda ndi mowa wa mtundu uliwonse, kaya wa m'botolo, wamasese kapena kachasu, mpaka patapita masiku awiri mutamaliza. Tetracycline ndi doxycycline sapatsidwa mwachisawawa kwa mayi woyembekezera ndi ana osakwana zaka 8. Mankhwala a madzi a ana yezani ndi kachikho kapena sirinji yake, osati supuni ya kukhitchini.

Mukatuluka zidzolo, milomo kapena nkhope ikatupa, mukayamba kubanika, kapena khungu likayamba kusupuka ndi zilonda m'kamwa, siyani mankhwalawo mubwerere kuchipatala msanga. Bwereraninso ngati papita masiku awiri magazi kapena kutentha thupi sizikuchepa; mwina tizilomboto sitikumva mankhwala amenewo, ndipo yankho ndi kusintha mankhwala, osati kuwirikiza mlingo.

Musagawire aliyense, ngakhale mkazi kapena mwamuna wanu amene akudwala mofanana. Amene amalandira Septrin wa tsiku ndi tsiku ku ART apitirize kumwa monga anauzidwira, koma ameneyo ndi wawo, si wa mudzi wonse. Makapisozi akale amene ali m'chitini cha pamwamba pa kabati abwezeni ku famase ya kukiliniki, asadikire wodwala wina.

8. Tetezani otsala, kenako yang'anani poto

Wodwala asaphikire ena mpaka patapita masiku awiri m'mimba mutaleka. Chimbudzi cha mwana, ngakhale wa khanda, chitayidwe m'chimbudzi, ndipo matewera achapidwe kutali ndi chitsime. Posamba m'manja tisanadye nsima, tisiye zoviika tonse m'beseni limodzi, kuyambira atate mpaka mwana womaliza amene amasamba m'litsiro la onse. Wina athirire ndi jagi, sopo ali pomwepo. Madzi akumwa awire mpaka kubwadamuka, kapena athiridwe Clorin monga mwalembedwera pabotolo n'kudikira mphindi 30, makamaka m'dzinja pamene zitsime zosaya za m'makomboni zimalandira madzi ochokera kuzimbudzi.

Ku khitchini lamulo lalikulu ndi la nthawi. Mabakiteriya amaswana pakati pa 5°C ndi 60°C, ndipo pamene zinthu zawayendera bwino mmodzi amagawika pawiri mphindi 20 zilizonse. Pamaola 7 mmodzi uja wasanduka oposa 2 miliyoni, chakudya chikununkhirabe bwino. Mphuno siikuuzani. Chakudya chophika chisakhale pansi maola oposa awiri, ndipo m'masiku otentha kwambiri, monga a ku chigwa cha Mambwe chilimwe chikafika pachimake, ola limodzi.

Amayi amene mumaphika pamaliro, paukwati kapena pamisasa ya Nc'wala ndi Kulamba, apa ndi panu. Mpunga ndi nkhuku zimaphikidwa 05 koloko, zimapakulidwa m'mabeseni n'kuvindikira ndi chitenje, anthu n'kudzadya 15 koloko akwati atachedwa kojambulitsa. Poto wamkulu amazizira mochedwa, ndipo pakati pake pamakhala pofunda bwino kwa maola ambiri, mmene mabakiteriya amafunira. Siyani mapoto pamakala mpaka nthawi yogawa, kapena phikani mpunga pomalizira. Zotsala zoti zilowe mufiriji zigaweni m'ziwiya zing'onozing'ono kuti zizizire msanga. Kumene kulibe firiji, phikani zoti zithe, ndipo ndiwo zogona ziwiritsidwe mpaka kubwata ponseponse, osati kungozifunditsa. Mpunga wogona panja tayani.

Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, firiza yodzaza masiku awiri, yosadzaza tsiku limodzi. Nyama imene yasungunuka n'kufunda musaiumitsenso ngati palibe chachitika. Firiji nayo siipha tizilombo: mabakiteriya a Listeria amakula ngakhale mozizira, ndipo ndiye anapha anthu oposa 200 ku South Africa mu 2017 ndi 2018 kudzera mu polony, moti dziko lathu linaletsa kaye kuitanitsa nyama zoterezi kuchokera kumeneko. Mayi woyembekezera aziphika soseji ndi polony asanadye.

Nkhuku ipse mpaka pafupa, msuzi wake utuluke woyera. Mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku yaiwisi zisakhudze tomato ndi kabichi wa saladi musanazitsuke ndi sopo. Pogula michopo, chipisi kapena nsomba yokazinga panjira, kaya ndi pa Saturday Market kapena pa Luangwa Bridge, pemphani kuti azibwezere pamoto inu mukuona. Mkaka wa kukhola uwire kaye musanamwe kapena kuuika kuti ukhale chambiko.

Oweta nkhuku za broiler, vuto la makapisozi lilinso m'khola mwanu. Kuthira antibayotiki wa oxytetracycline m'madzi a anapiye kuyambira tsiku loyamba mpaka logulitsa "kuti asadwale" kumaweta Salmonella ndi Campylobacter osamva mankhwala, amene amathera m'mbale ya kasitomala ndi ya ana anu omwe. Perekani antibayotiki nkhuku zikadwala, mutafunsa a vetenale, ndipo werengani papaketi masiku amene ayenera kudutsa musanaphe nkhuku, kugulitsa mazira kapena kukama mkaka. Chiweto chofa chokha musachisende ndipo musagawane nyama yake, ngakhale itakhala ng'ombe yonona bwanji. Mu 2011 ku Chama anthu mazanamazana anadwala anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zimene zinafa zokha mumtsinje wa Luangwa, ndipo ena anamwalira. Itanani a vetenale adzaone ndi kukuuzani kakwiriridwe kake, ndipo amene anagwira kale nyamayo apite kukiliniki tsiku lomwelo akanene zimene anagwira.